Mkhristu akapita kukachisi wa Ahindu ku Gangaikonda Cholapuram achite bwanji?

Funso lachokera kwa mtsikana wa ku Malawi amene akuphunzira za unamwino ku Chennai, m'dziko la India. Mnzake wa m'kalasi wamuitanira kwawo kumudzi, kufupi ndi tauni ya Jayankondam, ndipo banjalo likufuna kukamuonetsa kachisi wakale wa Ahindu wa ku Gangaikonda Cholapuram. Iye ndi Mkhristu. Akufunsa ngati akamulola kulowa, zoti avale, zoti achite wansembe akamupatsa phulusa kapena chakudya, komanso ngati ulendo wautali chonchi uli ndi phindu.

Achemwali, pitani ndithu. Anthu ambiri akwathu amene amapita ku India amangodziwa chipatala, koleji ndi bwalo la ndege, n'kubwerako osaponda m'mudzi ngakhale umodzi. Inu mwaitanidwa ndi banja, ndiye mukafika pakachisipo muli m'manja mwa eni dera, anthu oti akakuyankhulirani ndi kukulozerani poyima. Chimene ndikufuna mugwire pa zonse ndilembezi ndi chakuti malowo ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero, ndipo zimene mudzachite kapena kukana pamaso pa wansembe muziganizire muli ku Chennai komweko, musakazigamule mutaima kale pamzere.

Mukafika mudzaona kamudzi wamba: minda, mitengo ya mbibu, timashopu ta tiyi, mbuzi m'mphepete mwa msewu. Komatu pamalo pomwepo panali likulu la ufumu wa Chola kwa zaka pafupifupi 250. Analimanga ndi Rajendra Chola woyamba, amene analamulira kuyambira 1014 mpaka 1044. Bambo ake, Rajaraja, ndi amene anamanga kachisi wamkulu wa ku Thanjavur, amene anatha kumangidwa mu 1010. Cha m'ma 1022 asilikali a Rajendra anayenda mtunda wa makilomita oposa 1,500 kulowera kumpoto, akugonjetsa mafumu m'njira, kuphatikizapo Mahipala wa ku Bengal, mpaka kukafika kumtsinje wa Ganges, umene Ahindu amauyesa wopatulika. Anatunga madzi ake m'mitsuko n'kubwera nawo kummwera, ndipo dzina lalitali la mudziwu likukumbutsa ulendo umenewo. Madziwo anawathira m'damu lalikulu limene mfumuyo inakumbitsa, la Cholagangam, lomwe lero amalitcha Ponneri ndipo miyezi yambiri limakhala louma. Mu 1025 zombo za mfumu yomweyi zinawoloka nyanja kukathira nkhondo ufumu wa Srivijaya, kumene masiku ano kuli Sumatra ndi Malaysia. Kachisi wa pamudziwu anatha kumangidwa mu 1035.

Ufumu wa Chola unagwa mu 1279, mafumu a Pandya a ku Madurai ataugonjetsa. Nyumba yachifumu ndi nyumba za anthu zinali za njerwa ndi matabwa, ndiye zinatha zonse. Anatsala ndi kachisi yekha, chifukwa ndi wa miyala ya granite, imene anachita kukaitenga kutali poti derali ndi lachigwa, lopanda mapiri. Nayenso sanatsale wathunthu. M'zaka za m'ma 1830 mainjiniya a boma la atsamunda a ku Britain anagumula mbali yaikulu ya mpanda ndi nsanja ya pachipata, miyalayo n'kukamangira damu pamtsinje wa Kollidam, pa Anaikarai. Anthu a m'mudzimo anayesetsa kuletsa koma sanamvedwe. N'chifukwa chake mudzalowera pachipata chachifupi chopanda nsanja pamwamba, chosiyana ndi zipata zazitali za utoto wowala zimene mwaziona ku Chennai. Nkhani imeneyi imandiwawa ndithu, chifukwa miyala imene inapulumuka nkhondo za zaka 800 inadzathera m'manja mwa anthu ofuna zomangira zotsika mtengo.

Tsopano za kulowa. Kachisiyu ali m'manja mwa maofesi awiri. Nyumbayo monga chuma chamakedzana imasamalidwa ndi Archaeological Survey of India, nthambi ya boma la India yoona zamakedzana, ndipo mu 2004 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuika, limodzi ndi kachisi wa ku Darasuram, pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, pamene wa ku Thanjavur analipo kale kuyambira 1987. Mapemphero nawo amachitika tsiku ndi tsiku pansi pa dipatimenti yoona za akachisi a Ahindu ya boma la Tamil Nadu, chigawo cha India mmene muli Chennai ndi mudziwu. Motero alendo a mitundu yonse amayenda m'bwalo momasuka, osalipira kanthu pachipata. Pofunika kufunsa ndi polowa m'nyumba mwenimwenimo. Mu Januwale 2024 khoti lalikulu la Madras, nthambi ya ku Madurai, poweruza mlandu wokhudza kachisi wa ku Palani, linalamula kuti m'akachisi a ku Tamil Nadu muikidwe zikwangwani zoti amene si Mhindu asapitirire pamlongoti wa mbendera, umene amati kodimaram, pokhapokha atalemba m'buku kuti amakhulupirira mulungu wa pamalopo ndipo atsata miyambo yake. Akachisi ena amatsata lamuloli mwamphamvu, ena salilabadira kwenikweni. Pemphani bambo a mnzanuyo akufunsireni kwa wansembe, amene kumeneko amamutcha gurukkal. Akati lowani, lowani. Akati imani apa, imani pomwepo osakwiya. Musaname kuti ndinu Mhindu, ndipo musalembe m'buku zimene simukhulupirira pongofuna kusuzumira m'kati. Zokongola kwambiri za kachisi ameneyu zili pamakoma akunja.

Zovala sizivuta. Ngati muli ndi chudidar, malaya aatali ovala ndi thalauzi, ndi mpango wake wapamapewa, monga amavalira anzanu a m'kalasi, valani zimenezo. Siketi yaitali kapena chitenje ndi bulauzi yophimba mapewa ndi zabwinonso. Kabudula, malaya opanda manja ndi zothina musiye kunyumba. Nsapato mudzavula pachipata, ndipo mudzayenda chosavala bwalo lonse. Lamba kapena kachikwama kachikopa ndi bwino osatenga, chifukwa Ahindu ambiri amaona chikopa ngati chodetsa pamalo opatulika. Banjalo lidzasamba m'mawa lisananyamuke ndipo mwina tsikulo silidzadya nyama kapena nsomba lisanapemphere. Ingotsatani mmene akuchitira. Palinso nkhani ina imene mnzanu angachite nayo manyazi kukuuzani: m'mabanja ambiri achihindu mkazi sapita kukachisi ali kumwezi. Palibe amene adzakufunsani pachipata, koma ngati tsikulo lagwera pamasiku amenewo, munong'onezeni mnzanuyo kuti aone yekha chochita ndi amayi ake. Kusintha tsiku n'kosavuta kusiyana ndi kuti mayiwo adzazimve pambuyo.

Mukangolowa mudzakumana ndi nkhunzi yaikulu yogona, yomangidwa ndi miyala ndi laimu, itayang'ana kukachisi. Ameneyo ndi Nandi, ng'ombe imene amakwera Shiva, mulungu wa Ahindu amene amapembedzedwa pakachisiyu. Musaikwere kapena kuitsamira pojambulitsa. Pakhomo pali alonda awiri amwala, aatali kuposa munthu kutalitali, a mano otuluka ndi zibonga. Akakulolani kulowa, mudzadutsa m'holo yaitali ya mizati yambiri, yamdima ndi yozizira, momwe fungo la mafuta a nyali lasakanikirana ndi la lubani ndi la mileme. Kumapeto kuli chipinda chopatulika chimene amalowamo ansembe okha, ndipo m'menemo muli lingam, mwala wakuda wobulungira wotalika pafupifupi mamita 4, umodzi mwa ikuluikulu m'akachisi a ku Tamil Nadu. Ahindu amati mwalawo ukuimira Shiva, amene alibe chiyambi, mapeto kapena maonekedwe. Ndi wautali moti ansembe amachita kukwera kuti athire madzi ndi mkaka pamwamba pake. Foni ikhale m'thumba. Chipinda chimenecho sajambula.

Zimayenda motere. Banja limapereka kokonati, nthochi ndi maluwa, n'kutchula mayina awo ndi nyenyezi imene aliyense anabadwira. Wansembe, wovala nsalu yoyera m'chiuno, chifuwa chili pamtunda, mizere itatu ya phulusa pamphumi, amalowa n'kuyamba kulakatula mayina a Shiva. Kenako belu limalira, iye akuzunguza lawi la moto patsogolo pa mwalawo, ndipo kwa kamphindi mumaona nkhata zamaluwa ndi nsalu zimene aukulunga nazo. Anthu amakweza manja ataphatikiza, ena akuitana dzina la Shiva mokweza. Akatuluka amabwera ndi mbale ya lawi lija n'kumadutsa pamzere. Aliyense amayendetsa zikhato pamwamba pa motowo n'kudzikhudza m'maso, kenako amatambasula dzanja lamanja, lamanzere lili pansi pake, kulandira kaphulusa koyera, vibhuti, kamene amapaka pamphumi. Ena amaponya ndalama pang'ono m'mbalemo.

Ena adzakuuzani kuti zimenezi ndi chikhalidwe chabe. Ine sindivomereza, ndipo ndikuona kuti kunena choncho n'kupeputsa Ahindu eni ake. Kwa iwo kuima pamaso pa mulungu, kumuona iye n'kukuonanso, ndiye chimake cha kupembedza, ndipo lawi ndi phulusa ndi madalitso ochokera kwa iye. Choncho ngati chikumbumtima chanu sichikulola, musalandire pongoopa kukhumudwitsa anthu. Imani kumbuyo pang'ono kwa mzere, manja pachifuwa, ndipo mbale ikakufikani weramitsani mutu n'kunena chapansipansi kuti "vendam, nandri", kukana ndi kuthokoza m'Chitamil, chinenero cha kumeneko. Wansembe adzangopitirira kwa wina, poti anthu odikira ndi ambiri. Zili ngati mukapita kumwambo wa mpingo wina kukaperekeza mnansi: mumakhala pamene ena akhala, mumaima pamene aima, koma pa mgonero simupita kutsogolo, ndipo palibe amene amakuonani ngati wamwano. Mukadzidzimuka phulusa lili kale m'dzanja, musalitaye pansi kapena kulipukutira pamzati kapena pachovala. Mpatseni mnzanu, adzalikulunga m'kapepala n'kupita nalo kunyumba monga amachitira ambiri.

Chakudya ndiye chimavutirapo, chifukwa chimadzera m'manja mwa munthu amene amakukondani. Zimene zaperekedwa kwa mulungu zimabwerera kwa anthu, ndipo amazitcha prasadam: theka la kokonati lija, nthochi, nthawi zina mpunga wotsekemera kapena wothira bwemba. Amayi a mnzanu adzafuna kukugawirani. Akhristu amasiyana maganizo pa nkhaniyi kuyambira kale. Werengani 1 Akorinto chaputala 8 ndi 10, pamene Paulo akukamba za chakudya choperekedwa nsembe, ndipo mudzaona kuti akuyang'ana chikumbumtima cha wodyayo komanso cha amene akumuona. Ngati muli ndi abusa kapena ansembe amene mumawakhulupirira, kambiranani nawo musananyamuke. Mukasankha kusadya, auzeni mayiwo kudzera mwa mnzanuyo madzulo a tsiku loti mawa mupita, muli kunyumba, kuti asadzatambasule dzanja pagulu inu n'kulibweza. Sadzadabwa kwambiri. Pa kalembera wa 2011, anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse ku Tamil Nadu anali Akhristu, ndipo mabanja ambiri achihindu ali ndi anansi, aphunzitsi kapena anamwino achikhristu amene amachita chimodzimodzi.

Inunso pali zimene muyenera kudziletsa. Pakachisi si pokalalikira kapena kutsutsana za chipembedzo. Mawu oti mafano musawatchule ngakhale m'Chingelezi, kuseka ziboliboli za manja ambiri ayi, ndipo mukakhala pansi musawongole miyendo kuloza kumene kuli mulungu wawo. Anthuwa akukuonetsani chinthu chimene amachilemekeza koposa.

Mukatuluka, zungulirani kachisiyo pang'onopang'ono, phewa lamanja lili kumbali ya nyumbayo, monga amayendera onse. Yambani mwaima patali n'kuyang'ana nsanja ya pamwamba pa chipinda chopatulika. Ndi yotalika pafupifupi mamita 53, ya magawo 9. Ya ku Thanjavur imapitirira mamita 60, ili ndi magawo 13, ndipo mbali zake n'zowongoka. Iyi mbali zake n'zopindikira m'kati pang'ono, ndipo ikamakwera ngodya zake zimanka zifafanizika mpaka pamwamba pamaoneka pobulungira. Anthu a kumeneko amakonda kunena kuti mwana anaifupikitsa dala polemekeza bambo ake. Kaya n'zoona kaya ayi, amisiri a Rajendra anachita chinthu chovuta kwambiri, chifukwa kupinda mzere ndi miyala yolemera chonchi kumafuna kuti gawo lililonse liyezedwe palokha.

Pakhoma lakummwera, kumene mudzayambire, muli Ardhanarisvara, thupi limodzi theka mwamuna theka mkazi, atatsamira nkhunzi. Onani mmene wosema anasiyanitsira phewa, chiuno ndi kaimidwe ka mwendo mbali ziwirizo popanda kuoneka ngati zomatiza. Chakumapeto kwa khoma lomwelo kuli Nataraja, Shiva wovina, mwendo umodzi m'mwamba, wina utaponda kamunthu koimira umbuli, nkhope ikumwetulira pang'ono. Ambiri amajambula ameneyu n'kupita. Inu weramani muone pansi pake, pagulu la oimba: pali kamayi kowonda, nthiti zili pamtunda, kakuomba tizitsulo tam'manja. Ameneyo ndi Karaikkal Ammaiyar, mlakatuli wamkazi amene anakhalako zaka mazana angapo kachisiyu asanamangidwe. Nkhani yake imati anapempha Shiva kuti amuchotsere kukongola kwa thupi kuti azingokhala pamapazi ake akamavina, ndipo nyimbo zake zimaimbidwabe m'akachisi a Shiva. Kumadzulo mudzaona Shiva akulandira mtsinje wa Ganges m'tsitsi lake, kwinaku akunyengerera mkazi wake Parvati amene watembenuza nkhope ndi nsanje.

Chosema chimene ndimachiona kuti chimaposa zonse chili pafupi ndi masitepe a khomo lakumpoto. Shiva wakhala pampando ndi Parvati, ndipo akukulunga nkhata yamaluwa pamutu pa mnyamata amene wakhala m'munsi mwake ataphatikiza manja. Mnyamatayo ndi Chandesha. Nkhani imati anali mbusa wa ng'ombe amene ankaumba lingam yamchenga n'kumaithira mkaka. Bambo ake atakwiya ndi kuwononga mkakako anamenya mtsuko ndi phazi, mwanayo n'kuwatema mwendo ndi ndodo imene inasanduka nkhwangwa. Shiva anaonekera, n'kumutenga kukhala mwana wake ndi woyang'anira chuma cha kachisi. Nkhaniyo ndi yankhanza, koma mwalawo ndi wofatsa: dzanja lina la Shiva lagwira nsonga ya nkhata, lina likuizunguliza pamutu mosamala, ndipo mutu wa mnyamatayo wapendekera kulandira. Akatswiri ena a mbiri amaganiza kuti Rajendra anafuna kuti anthu azimuona iye mwini mwa mnyamata ameneyu, mfumu yovekedwa ufumu ndi mulungu. Moyang'anizana naye pali Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, atakhala paduwa. Chapafupi pomwepo pali kanyumba ka Chandesha, ndipo mudzaona anthu akuomba m'manja pang'ono kapena kupukuta zikhato pakhomo pake. Ambiri amafotokoza kuti akumuonetsa woyang'anira chumayo kuti akutuluka chimanjamanja, sanatenge kanthu ka kachisi.

Musaphonye chitsime cha mkango, Simhakeni, chakumpoto kwa bwalo: chimkango chachikulu chomangidwa, chokhala ndi khomo pathupi pake ndi masitepe otsikira kumadzi. Pamaziko a kachisi palinso zolemba zakale za Chitamil zozokotedwa pamwala, zina za Virarajendra, mwana wa Rajendra, zotchula midzi imene inkapereka mpunga wosamalira kachisiyu. Mnzanu ayese kuwerenga, adzazindikira zilembo zina koma zambiri zinasintha.

Nthawi yofika ndi yofunika kwambiri chifukwa cha mapazi anu. Nyumbayo amatsegula cha m'ma 6 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana, n'kutsegulanso cha m'ma 4 koloko mpaka 8 koloko usiku. Pofika 10 koloko miyala ya pabwalo imakhala yatentha moti munthu wosazolowera amangodumphadumpha. Fikani 7 koloko isanakwane, kapena dikirani dzuwa lipendeke. Kuyambira Epulo mpaka Juni kutentha kumafika madigiri 40. Mvula yambiri kumeneko imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Miyezi yabwino ndi Januwale ndi Febuluwale. Pa ulendo woyamba sankhani tsiku wamba. Pamwezi wathunthu wa Aippasi, pakati pa Okutobala ndi Novembala, kumakhala mwambo wa Annabhishekam, pamene amaphika matumba ambirimbiri a mpunga n'kukwirira nawo lingam yonse ija, kenako n'kugawira anthu. Ndi mwambo wochititsa chidwi koma khamu lake simungaone chosema chilichonse bwinobwino. Usiku wa Maha Shivaratri, mu Febuluwale kapena Malichi, anthu amachezera kupemphera.

Kuchokera ku Chennai ndi makilomita pafupifupi 250. Kwerani sitima pasiteshoni ya Egmore mpaka ku Chidambaram kapena ku Kumbakonam, kenako basi. Kuchokera ku Kumbakonam ndi makilomita pafupifupi 35, ndipo msewu wake umawoloka Kollidam pa Anaikarai, pamene panapita miyala ija. Kuchokera ku Jayankondam ndi makilomita 10 okha, moti mukagona kwa mnzanu mutha kufika m'mawa ndi kagalimoto ka matayala atatu kamene amati auto. Tengani madzi akumwa, ndalama zing'onozing'ono za wosunga nsapato, ndi pepala la fotokope la pasipoti yanu.

Konzekeraninso maso a anthu. Kumidzi yambiri ya kumeneko munthu wa ku Africa saoneka kawirikawiri. Ana adzakutsatirani, ena adzapempha kujambulitsa nanu, mwina wina adzafuna kugwira tsitsi lanu. Kawirikawiri chimakhala chidwi chabe, koma chimatopetsa, ndipo muli ndi ufulu wokana. Yendani pafupi ndi amayi a m'banjamo, amadziwa kubalalitsa anthu otere ndi mawu amodzi. Apatseni moni wa "vanakkam" mutaphatikiza manja, mayiwo muziwaitana amma, bambowo appa. Akakuikirani chakudya patsamba la nthochi, idyani ndi dzanja lamanja, ndipo mukamaliza pindani tsambalo kulozetsa kwa inu, chifukwa kulipindira kutali amakuchita pamaliro.

Nthawi ikakhalapo, pemphani akuperekezeni ku Maligaimedu, makilomita osakwana awiri kuchokera pakachisi. Kumeneko ofukula zakale anapeza maziko a njerwa a nyumba yachifumu, misomali yachitsulo ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni wa malonda apanyanja a nthawi ya Chola. Pobwerera, ngati mukwerera sitima ku Kumbakonam, patukani pa Darasuram, kunja kwa tauniyo pang'ono. Kachisi wake anamangidwa ndi Rajaraja wachiwiri m'zaka za m'ma 1100, ndi wamfupi kusiyana ndi wa Rajendra, koma khonde lake analisema ngati ngolo ya matayala yokokedwa ndi akavalo, ndipo nkhani ya Chandesha ija mudzaipezanso pamzere wa tizosema tating'ono tofotokoza moyo wa oyera mtima 63 a Shiva. Siyani maola awiri a malo amenewo sitima isanakwane.